Tepi Yakuda pa Mimba ya Teagan

1. Mwezi wa ana a ng'ombe

Kwathu kuno mwezi wa Malichi munthu safunsa mnzake kuti wagona bwanji. Amangomuyang'ana m'maso n'kudziwa yekha. Ndi mwezi umene ng'ombe zimabereka, ndipo ng'ombe sidziwa kuti mwini wake ali ndi mavuto ena. Chipale chimakhala chidakali mbuu m'minda monse, ndipo mwana wa ng'ombe akabadwa osamuona msanga, kuzizira kumamudya makutu, mwinanso kumupha kumene.

Pa famu ya a Boychuk panali ng'ombe za bere makumi asanu ndi atatu, koma wozisamala anali mmodzi yekha, mayi Rhonda Boychuk. Amuna awo ankagwira ntchito ku mgodi kumpoto, milungu iwiri kumeneko, mlungu umodzi pakhomo. Zaka zam'mbuyo ankathandizidwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Teagan, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka chimenechi nayenso anali wofunika kusamalidwa.

Teagan anadwala matumbo zaka zitatu. Kumapeto kwa Januwale madokotala a mumzinda wa Saskatoon anaona kuti mankhwala alephera. Anachotsa thumbo lalikulu lonse, ndipo nsonga ya thumbo laling'ono anaitulutsira pamimba, chakumanja kwa mchombo. Kansonga kameneko achipatala amakatcha sitoma. Chimbudzi chonse chimatulukira pamenepo, chamadzimadzi, pa nthawi imene chafuna, n'kugwera m'kathumba. Kathumbako amakakola pa chigamba chomata pakhungu, ndipo pakati pa chigambacho amadula bowo loti sitoma itulukirepo.

Milungu isanu ndi iwiri inali itatha, koma Teagan anali asanaione sitoma yake ngakhale kamodzi. Kukhuthula kathumba ankakhuthula yekha, maso ali kukhoma. Koma tsiku losintha chigamba ankagona chagada pabedi, n'kuphimba nkhope ndi thaulo labuluu, amayi ake n'kugwira ntchito yonse. Akamaliza ankamusisita phazi, ndipo thaulo linkachoka.

Kusukulu anali atalemba kale kalata. Teagan akapanda kubwerera Lolemba lotsatira, teremu yonse yapita, ndipo adzabwereza Giredi 11 anzake atamusiya. Kuti abwerere pankafunika kalata ya namwino yonena kuti angathe kudzisamala. Kuchokera pa famupo kukafika kusukulu, basi imayenda ola limodzi ndi mphindi khumi.

2. Zigamba makumi awiri

Ife anthu a kuno sitidziwa kuchita chinthu chimodzi n'kupuma. Mayi akati apange maperogi, timikate toika mbatata mkati, amapanga mazana atatu n'kudzaza firiji. Akati atsekere nkhaka m'mabotolo, amatsekera za chaka chonse. Timaopa nyengo yotanganidwa, ndiye chilichonse timachitiratu. Khalidweli latipulumutsa kambirimbiri, ndipo timanyada nalo mopitirira muyezo.

Potuluka m'chipatala, mayi Boychuk anapatsidwa kapepala kozungulira, muyezo wa sitoma ya mwana wawo tsiku limenelo, mamilimita 38. Anapatsidwanso kabuku ka malangizo, koma kabukuko kanakwiririka ndi mapepala a katemera wa ng'ombe pamwamba pa firiji. Lamulungu lina, ng'ombe zisanayambe kubereka, anakhala patebulo magalasi ali pamphuno, n'kudula zigamba zonse makumi awiri za m'bokosi. Mabowo ake anali osalala bwino, onse ofanana.

"Apa ndiye tathana nazo mpaka Meyi," anatero potseka bokosilo.

Loweruka lomaliza anamusintha chigamba mofulumira chifukwa ng'ombe ziwiri zinali pafupi kubereka. Anaona kuti khungu lafiira pang'ono, koma anati ndi guluu chabe. Lolemba masana Teagan anayamba kumva kuyabwa pansi pa chigambacho. Kenako panayamba kutentha ngati pathiridwa tsabola. Mbali imodzi inamatuka, ndipo kadontho kachikasu kanaoneka pa malaya.

Anapita kukhitchini kukaitana amayi ake. Anawapeza atagona patebulo, tsaya lili pamkono, nsapato za kukhola zili kuphazi, khofi atazizira m'kapu. Foni yolumikizidwa ku kamera ya m'khola inali idakali m'manja mwawo. Milungu itatu yathunthu anali akudzuka maola atatu alionse kukaona ng'ombe.

Teagan anaima pakhomo. Sanawadzutse. Kenako anayenda monyang'ama kupita m'kachipinda kovulira nsapato, momwe bambo ake amasungiramo ndodo zosewerera hoke, masewera a pa madzi oundana, ndipo anatenga mkulungo wa tepi yakuda yokulungira ndodozo.

Tepi imeneyi kuno ndi mankhwala a chilichonse. Mpini wa fosholo ukasweka, tepi. Nsapato ikang'ambika, tepi. Galasi la galimoto likamagwedera, tepi. Mwana wokulira kuno sangaone chinthu chomatuka osaikumbukira. Teagan anamata mizere inayi mozungulira chigamba, akungopapasa ndi zala, maso ali kudenga. Kudontha kunaleka. Kutentha sikunaleke, ndipo Lachiwiri anawonjezera mizere ina.

Lachitatu m'mawa amayi ake anafunsa akuvala jekete. "Lero ndi losintha, eti?"

"Chidakali bwino, amayi. Namwino akubwera mawa, tingodikira."

"Zoona?"

"Zoona."

Mayi Boychuk anapuma mozama ngati munthu wotula katundu, n'kutuluka kupita kukhola. Ine sindiwaweruza. Aliyense amene anakhalapo milungu itatu osagona mokwanira akanakhulupirira chimodzimodzi.

3. Mayi Friesen

Lachinayi cha m'ma teni koloko galimoto ya mayi Lorna Friesen inaima pakhomo, matope mpaka m'mawindo. Iwowa ndiwo namwino wa anthu a sitoma ndi zilonda m'dera lathu lonse. Ayenda m'misewu yathu ya miyala zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo mawondo awo amadziwa dzenje lililonse. Anatsika pang'onopang'ono, chikwama chachikulu chili kuphewa.

"Iwe Rhonda, nkhope imeneyo waibwereka kwa ndani? Ukabweze, siikukukhala."

"Inunso, mayi Friesen, simukuoneka ngati mkwatibwi."

"Ine ndinasiya kale mpikisano. Ndiikire khofi, wakuda, wopanda chifundo. Zabereka zingati?"

"Makumi asanu ndi imodzi. Ana awiri afa."

"Pepa. Nanga wodwala wanga ali kuti?"

Teagan anatuluka m'chipinda akuyenda chowerama, dzanja lili pamimba. Mayi Friesen anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, osamwetulira.

"Wayamba liti kuyenda ngati ine?"

"Ndi msana chabe."

"Msana wako uli kutsogolo? Tiye kuchipinda."

Teagan anagona pabedi n'kudziphimba ndi thaulo lija.

"Lidakalipo thauloli," anatero namwino. Anakweza malaya n'kuyang'ana pamimba. "Rhonda, siya khofiyo. Tabwera."

Mayi Boychuk analowa, ndipo anaima chilili. Pamimba pa mwana wawo panali pakuda ndi tepi, mizere pamwamba pa mizere.

"Ndaonapo tepi ya magetsi, ndaonapo guluu wa matayala," anatero mayi Friesen akuvala magolovesi. "Ya hoke aka n'kachitatu. Awiri enawo anali madala ouma mitu. Sindinkadziwa kuti matendawa afika kwa atsikana."

Atafunsidwa, Teagan anavomera ali pansi pa thaulo kuti anamata Lolemba, atawapeza amayi ake atagona. Namwino anapopera mankhwala osungunula guluu, n'kumamatula pang'onopang'ono. Teagan sanalire, koma thaulo linalowa m'kamwa ndipo zala zakuphazi zinapindika. Chigamba chitachoka, fungo linadzaza chipinda. Kuzungulira sitoma khungu linali litasupuka, lofiira psuu, likuchucha madzi, ndipo chilondacho chinkatsikira kumunsi komwe madzi ankayenderera.

Mayi Friesen anatsuka ndi madzi ofunda. Kenako anatenga chigamba chimodzi m'bokosi lija n'kuchigwirizira pamwamba pa sitoma osamata. Kuzungulira konse khungu linkaoneka m'bowomo, mpata woti chala chaching'ono n'kulowa.

"Waona, Rhonda? Bowo ili ndi la sitoma ya mu Januwale. Nthawi imeneyo inali yotupa ndi opaleshoni. Tsopano yaphwa."

Mayi Boychuk anakhala pansi pomwepo, msana uli kukabati. Anayang'ana bokosi, anayang'ana chilonda.

"Ndinadula zonse tsiku limodzi," anatero ndi mawu otsika. "Ndine ndamuotcha mwana."

4. Chenjezo

Mayi Friesen anaphimba sitoma ndi kansalu koyera, anakoka mpando, n'kukhala ndi kubuula kwa mawondo.

"Tsopano mundimvere nonse awiri, chifukwa mphamvu zobwereza ndilibe. Rhonda, iwe unadula bwino bowo lolakwika. Kabuku kaja kamanena kuti milungu isanu ndi itatu yoyamba muziyeza nthawi iliyonse yosintha. Ndikudziwa komwe kali, kali komwe kumakhala timabuku ta anthu ena onse. Nanenso ndili ndi mbali yanga. Ulendo wa mu Febuluwale msewu unatsekeka ndi chipale, ndinangoimba foni. Munati zonse zili bwino, ine n'kukhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Basi, zimenezo zatha. Dzuka pansipo, kuzizira.

"Koma iwe wa pansi pa thaulowe, nkhani yaikulu ndi yako. Zotuluka m'thumbo laling'ono si chimbudzi wamba. Muli madzi ogaya chakudya, ndipo madzi amenewo sasiyanitsa nyama ya m'mbale ndi khungu la mwini wake. Ukamva kuyabwa kapena kutentha pansi pa chigamba, dziwa kuti alowa kale. Pamenepo palibe kudikira, palibe kumata pamwamba. Umachotsa, kutsuka, kuumitsa, n'kuika china. Tepi yakoyi sinachotse madziwo. Inawatsekera mkati masiku atatu, iwo akukudya.

"Kunali bambo wina chakumadzulo uko, dzina sinditchula. Mlimi wa tirigu, munthu wamphamvu, wosafuna kuvutitsa mkazi wake. Nthawi yokolola anamata monga wachitira iwemu, mlungu wathunthu ali pa makina. Pamene ndinkafika, khungu linali litatha malo aakulu ngati chikhatho changachi. Panalibenso poti chigamba n'kugwira. Anagona m'chipatala milungu isanu. Tirigu anamukololera anansi. Ndipo mkazi amene ankamumvera chisoni uja ndi amene ankayenda makilomita mazana awiri tsiku ndi tsiku kukamuona. Sanamupumitse mkaziyo. Anangomusungira ntchito yaikulu kutsogolo.

"Ndikuuzenso chimene sukufuna kumva. Amayi akowa sadzakwera nawe basi. Sadzalowa nawe m'chimbudzi cha kusukulu. Khungu lako lanyowa, ndipo guluu sagwira bwino ponyowa. Ngakhale titamata mwaluso bwanji, mlungu woyambawu chigamba chidzakukana penapake, pa nthawi yoipa, ine ndili kutali ndikutsuka bala la munthu wina. Tsiku limenelo padzafunika munthu wodziwa pamimba pako, ndipo pa basi yonse padzakhala iwe wekha. Ine kalata ya kusukulu sindisainira munthu amene sanadziyang'ane. Sindinachitepo, ndipo sindiyamba ndili ndi imvi."

Thaulo silinasunthe. Foni ya mayi Boychuk ndiyo inasokoneza. Anaiyang'ana mwachizolowezi, kenako anaibweretsa pafupi ndi maso.

"Ndi ija yoyamba kuberekayi. Watuluka mwendo umodzi wokha." Anayang'ana pabedi, anayang'ananso foni. "Sindingamusiye mwana ali chonchi."

"Pita," anatero mayi Friesen. "Ng'ombe ilibe manja. Uyu ali nawo awiri."

Mayi Boychuk anagwira phazi la mwana wawo, n'kutuluka akuthamanga. Chitseko chakunja chinamveka kutsekeka.

5. Thaulo labuluu

Mayi Friesen anayala zinthu pa katebulo ka pafupi ndi bedi: kakhadi kokhala ndi mabowo osiyanasiyana koyezera, cholembera, sizasi yopindika, kabotolo ka paudala, zigamba zosadula, ndi galasi lodziyang'anira. Atatha anapinda manja.

"Njira zilipo ziwiri. Ndimate ine, mphindi zisanu, thaulo lili kumaso, ndipo za kalata tidzakambanso ndikadzabwera pakatha milungu itatu. Kapena umate iwe. Sindikukakamiza. Koma sitoma siidikira munthu, ndipo kadzutsa wako ali m'njira yotulukira."

"Ndikaiona ndisanza," mawu anatuluka pansi pa thaulo.

"Beseni lili apo."

"Ndi yonyansa."

"Waiona liti?"

Teagan anakanikiza thaulo pankhope.

"Amayi amachita bwino kuposa mmene ndingachitire ine," anatero.

"N'zoona. Ndipo adzachitabe mpaka adzagwe. Lolemba unawamvera chisoni, n'kutenga tepi. Unalakwitsa chida, mwanawe. Chida chake ndi ichi." Anagogoda katebulo ndi sizasi.

Kunja ng'ombe inalira motalika. Mayi Friesen anatulutsa kalata ya kusukulu m'chikwama, n'kuiika pabondo. Kenako dzanja la Teagan linakwera, linagwira ngodya ya thaulo, n'kulikokera pansi. Nkhope yake inali yotuwa, tsitsi litamatirira pamphumi.

"Ndipatseni galasilo."

Namwino anamuikira mapilo kumsana, anamupatsa galasi, n'kuchotsa kansalu kaja.

Inali yaing'ono. Milungu yonseyi Teagan ankaopa chinthu chachikulu ngati chibakera, koma inali ngati kaphwetekere kakang'ono, yofiira, yonyowa, ikusuntha pang'onopang'ono payokha. Chimene chinkaoneka moopsa chinali chilonda chozungulira, ndipo chimenecho sanapange ndi madokotala. Beseni silinafunike.

"Ikutuluka magazi."

"Pang'ono, monga nkhama ukamatsuka mano. Igwire. Iyo siimva kanthu."

Anaigwira ndi nsonga ya chala, n'kuchotsa msanga, n'kuigwiranso.

"Tsopano yeza. Yamba ndi bowo la amayi ako."

Bowo la 38 linali lotakasuka kwambiri. La 35 chimodzimodzi. La 32 linasiyabe khungu kumbali. Atafika pa 29, kakhadi kanakhala bwinobwino.

"Apa."

"Apo pomwe. Jambula kuseri kwa chigamba, uwonjezere kampata kochepa kwambiri kuti chisamaidule. Kenako dula."

Bowo loyamba linatuluka lokhota, la mano m'mbali, lalikulu kuposa la amayi ake.

"Taya, tenga china. Ndabweretsa zisanu chifukwa ndimakudziwani anthu inu. Usayendetse sizasi, zungulitsa chigambacho."

Lachiwiri linatuluka bwino. Anasalaza m'mphepete mwake ndi chala. Anawaza paudala pachilonda, anasasa wotsala, n'kupoperapo mankhwala oteteza khungu monga ankauzidwira. Atangonyamula chigamba kuti amate, sitoma inalira mokweza, n'kulavulira pa dzanja lake, pamimba, mpaka pa nsalu ya pabedi.

Pamenepo ndi pomwe Teagan analira. Analira ngati mwana wamng'ono, pakamwa pali yasa, dzanja lakuda lili m'mwamba. Chichokere kuchipatala anali asanalire choncho. Mayi Friesen sanamutonthoze. Anangomupatsa kansalu konyowa, n'kudikira kuti amalize.

"A Pelletier a m'tauni, sitoma yawo anaitcha Khansala," anatero kulira kutachepa. "Akuti imalankhula pamsonkhano popanda kupatsidwa mwayi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ali nayo, ndipo saphonya gule. Ambiri amazitcha maina. Iwe ngati sukufuna, usiye."

Teagan anapukuta mphuno ndi phewa. "Iyi ndi yamwano basi."

"Ndiye yatengera mwini wake. Tsuka, tiyambirenso."

Anatsuka, anaumitsa, anawaza paudala kachiwiri. Anamata chigamba kuyambira kumunsi, anakola kathumba mpaka kanamveka kuti kagwira, ndipo anaika chikhatho pamwamba kuti kutentha kwa dzanja kufewetse guluu. Anawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi. Ntchito ya mphindi zisanu inamutengera mphindi makumi anayi.

Mayi Friesen anasaina kalata ija pabondo pomwepo.

"Lamulungu usinthe wekha, uyezenso, undijambulire khungulo pa foni. Likapanda kuuma, kalatayi ndiilanda. Uzimwa madzi ambiri, usaope mchere, ndipo usayerekeze kusala kudya kuti sitoma ikhale chete m'kalasi, chifukwa amenewo ndi amene ndimakawapeza atakomoka. M'chikwama chako muzikhala kakhadi, sizasi, ndi zigamba ziwiri zosadula. Ukamva kuyabwa umatani?"

"Ndimasintha."

"Liti?"

"Nthawi yomweyo."

Mayi Boychuk anabwera manja a jekete ali magazi mpaka m'zigongono. Mwana wa ng'ombe anali wamoyo. Anaima pakhomo la chipinda n'kuona sizasi pa miyendo ya Teagan, thaulo lili pansi.

"Wamata yekha?"

"Yekha, atayambiranso kachiwiri," anatero namwino akutseka chikwama. "Khofi wanga uja ndimwera m'galimoto. Anthu ena awiri akundidikira."

Galimoto itachoka, mayi Boychuk anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Bwanji sunandidzutse Lolemba lija?"

"Munagona ndi nsapato, amayi."

Mayiwo anaphimba maso ndi mkono, mapewa akugwedezeka. Teagan anawerama mosamala, anawavula nsapato imodzi, kenako inayo, n'kutenga foni ija m'thumba la jekete lawo.

"Gonani pompano. Ndiziyang'ana ine za kukhola. Ikayamba ina ndikudzutsani, sindinama."

6. Basi ya Lolemba

Lamulungu khungu linali litayamba kuuma m'mbali, ngakhale kumunsi kunali kudakali konyowa. Mayi Friesen anayankha chithunzi ndi mawu awiri okha: "Pita. Samala."

Lolemba pa teni tu seveni Teagan anaima pamsewu, chikwama chili kumsana, mpweya ukutuluka utsi. Basi yachikasu inaima, ndipo a Dufour, oyendetsa, anakweza chipewa.

"Tinayamba kuganiza zogulitsa mpando wako," anatero.

Mpando wake unali wachisanu ndi chiwiri, pafupi ndi Kendra Olafson, mnzake kuyambira ali ang'onoang'ono. Kendra anamukumbatira mwamphamvu, ndipo Teagan anabweza mimba m'mbuyo. Kendrayo, monga ana ena onse a m'basimo, ankangodziwa kuti mnzake anachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Za kathumba Teagan sanauze munthu.

"Waonda ngati ndodo. Kuchipatalako samadyetsa anthu? Dikira ndikuuze za aphunzitsi a masamu, sukhulupirira."

Kendra ankalankhula osapuma. Basi inkadumpha m'maenje a msewu wa miyala, ikuima pa mageti a mafamu, ana akukwera ndi tulo tawo. Teagan anaseka kawiri, kuseka kwenikweni. Anali atatopa kale tsiku lisanayambe, koma anali pa basi.

Atadutsa mlatho wa njanji, mphindi makumi awiri chikwerereni, anamva kuyabwa. Kunali kumunsi, ponyowa paja. Anakhala phee, akuyembekeza kuti mwina ndi lamba wa thalauza. Kuyabwako kunayamba kutentha.

Kusukulu kunali kudakali mphindi makumi asanu. Basi ilibe chimbudzi. Kutsogolo, mphindi zisanu kuchokera pamenepo, kunali malo omwetsera mafuta a pamphambano, ndipo a Dufour saima pamenepo popanda chifukwa chomveka. Woyendetsa basi ya ana makumi atatu sumunong'oneza, injini ikulira. Umanena mokweza.

Pansi, pakati pa miyendo yawo, panali chikwama cha Kendra cha hoke. Pa chingwe chake panalendewera mkulungo wa tepi yakuda, watsopano, ukugunda bondo la Teagan basi ikadumpha. Mizere iwiri pansi pa jekete, palibe akanaona, ndipo akanafika kusukulu ali wouma.

Teagan anauyang'ana mkulungowo nthawi yaitali. Kenako anaukankha ndi bondo, anakumbatira chikwama chake, n'kuimirira.

"Khala pansi kumbuyoko, basi ikuyenda," anatero a Dufour akumuyang'ana pa galasi.

Teagan sanakhale. Anagwira mpando wakutsogolo n'kuyamba kuyenda kupita kwa a Dufour. Phokoso linayamba kuzima mpando ndi mpando, mitu ikutembenuka.

"Iwe Teagan," anatero Kendra atamugwira jekete. "Ukupita kuti? Ndipo ukugwira chiyani pamimbapo?"

"Ndikuuza pompano," anayankha Teagan. "Nyamula chikwamachi, unditsate. Tepiyo uisiye."